Mmene mungakonzere nambala ya foni yomva funso n'kuyankha yokha

Amene anaimbapo 321 pa Airtel akudziwa mmene nambala zopereka uthenga zimayendera kwathu kuno. Mawu ojambulidwa amakuuzani batani loti mudine mukafuna za umoyo, lina mukafuna za ulimi, inu n'kumadina mpaka mutafika pa chimene mukufuna. Njira imeneyi yathandiza anthu ambiri, koma ili ndi polekezera. Mabatani a pafoni alipo 12 basi, pamene zipatala, mapolisi, masukulu ndi maofesi amene munthu angafune nambala zake alipo mazanamazana. Ndiye taganizirani agogo amene maso anayamba kuchita chidima: achotse foni kukhutu, asakesake batani, pobwezera kukhutu apeza makina apita kale patsogolo, mayunitsi nawo akutha.

Chimene chingawathandize agogowo n'choti angolankhula. Anene kuti "ndikufuna nambala ya chipatala cha Mponela", makina amve, ayankhe. Malangizo awa ndi a bungwe, khonsolo, wailesi ya m'dera kapena kagulu ka achinyamata odziwa kompyuta amene akufuna kukonza nambala yotere. Chitsanzo changa chikhala nambala yofunsira mafoni a zipatala, polisi ndi maofesi, koma njira yake ndi yomweyo mutafuna yopereka mitengo ya mbewu kapena nthawi yonyamukira mabasi.

Zigawo zake zilipo zitatu: cholandira foni, chomva mawu n'kuwasandutsa malemba, ndi buku la manambala la mukompyuta mmene yankho limachokera. Ambiri amathamangira chachiwiricho poti ndicho chotenga mtima. Koma ntchito yaikulu ili pa kumvetsera mmene anthu anu amafunsira, chifukwa makina amamva bwino zokhazo zimene munawakonzekeretsa kumva.

1. Chepetsani mafunso

Mu 1952 akatswiri a Bell Labs ku America anapanga makina otchedwa Audrey, omva manambala kuyambira 0 mpaka 9 basi. Patapita zaka 40, mu 1992, kampani ya AT&T inaika kompyuta yomva mawu pa mafoni amene kale ankalandiridwa ndi anthu, ndipo inkatchera khutu ku mawu asanu okha, monga "collect" ndi "operator". Kampani ya chuma chonsecho inakhutira ndi mawu asanu, ndipo n'chifukwa chake zinayenda.

Inunso tengani pepala, lembani mitundu ya mafunso amene nambala yanu idzayankhe, isapose itatu. Sankhani boma limodzi kapena mzinda umodzi, malo 50 kapena 100 oti muyambe nawo. Maboma onse 28 adikire kaye. Pansi pa pepalalo lembaninso zimene nambalayi siidzachita. Chachikulu pamenepa ndi uphungu wa matenda. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chili ndi anthu ophunzira zaumoyo olandira mafoni pa 54747, ndipo mayi amene mwana wake akukomoka ayenera kulankhula ndi munthu wotero. Makina anu angomulumikiza kapena kumupatsa nambala msanga.

2. Yambani ndi munthu, makina abwere pambuyo

Musanagule chida chilichonse, tsegulani nambala wamba, ikani munthu woleza mtima azilandira mafoni kwa mwezi umodzi kapena iwiri ali ndi buku la manambala patebulo. Lengezani nambalayo pawailesi, kutchalitchi, kumzikiti, kusikelo. Foni iliyonse ijambulidwe, koma woimba auzidwe poyambirira penipeni kuti mawu ake akujambulidwa ndiponso chifukwa chake, ndipo wokana asajambulidwe. Mawu a munthu ndi ake. Ku Malawi kulinso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, limene MACRA imayang'anira, choncho liwerengeni musanasunge kalikonse. Nambala za oimba musunge padera ndi mawu awo.

Ambiri amalumpha gawo limeneli poganiza kuti akudziwa kale mmene anthu amalankhulira. Google sinaganize choncho. Mu 2007 inatsegula nambala yaulere yotchedwa GOOG-411 yofunsira mafoni a mabizinesi ku America, ndipo akuluakulu ake ananena poyera kuti chimene ankafuna kwenikweni chinali mawu a anthu ambirimbiri oti aphunzitsire makompyuta awo. Inaitseka mu 2010 itatolera zimene inkafuna.

Mukasonkhanitsa mafoni mazana angapo, khalani pansi, mvetserani imodziimodzi, lembani mawu onse ndendende mmene ananenedwera, osakonza. Ngati munthu wanena kuti "Eee, halo, muli bwanji kumeneko, ine ndili kuno kwa Jenda, ndimafuna ndifunse nawo, kodi ya apolisi apa pa rodibuloko ndi chani kaya", lembani zomwezo. Muona zinthu zimene simukanaziganizira muli muofesi. Munthu wa kwathu sayamba ndi funso, amayamba ndi moni. Amatchula kumene ali asanatchule kumene akufuna. Amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, wina aponyamo Chitumbuka kapena Chiyao. Kumbuyo kwake kukulira chigayo, tambala, mwana kapena kondakitala woitanira minibasi.

3. Lembani maina onse amene malo amodzi amadziwika nawo

Apa ndi pamene nambala yanu idzaimire kapena kugwera, ndiye musafulumire.

M'buku lanu la manambala, malo aliwonse akhale ndi mzere wake: dzina la pachikwangwani, boma, mtundu wa malowo, nambala ya foni, tsiku limene munaitsimikiza komaliza. Kenako onjezani danga lalikulu la maina ena. Pachikwangwani palembedwa Queen Elizabeth Central Hospital, koma wa ku Blantyre anena kuti "ku Queens" ndipo achikulire anena kuti "ku Gulupu". Chipatala cha Bwaila ku Lilongwe ambiri akuchitchabe "Bottom". Kamuzu Central ena amati "KCH", ena amangoti "ku Central". Nkhotakota ndi "KK", Blantyre ndi "BT" kapena Kabula. Chipatala cha ku Area 25 munthu sadzanena kuti makumi awiri ndi zisanu, adzati "eriya twente faifi", mwinanso "ku twente faifi" basi. Dzina lililonse limene mwalimva m'mafoni ojambulidwa aja lilowe m'dangamo, ndipo mufunsenso akabaza ndi madalaivala a m'deralo, chifukwa iwo amamva maina amenewa tsiku ndi tsiku.

Kenako phunzitsani kompyuta kusalabadira kusiyana kopanda pake. Pakamwa pa Mmalawi, l ndi r zimasinthana popanda vuto: Karonga ndi Kalonga, Chiradzulu ndi Chiladzulu, Rumphi ndi Lumphi. Pulogalamu yanu isanayerekeze zimene yamva ndi za m'buku, isandutse r aliyense kukhala l mbali zonse ziwiri. Ichotsenso timawu takutsogolo monga ku, kwa, pa ndi cha. Chikwawa ndi Chikhwawa akhale malo amodzi. Ndipo isafune kufanana kwa chilembo ndi chilembo: itenge dzina loyandikira kwambiri, n'kusunga lachiwiri ndi lachitatu ngati zodikirira.

Pomaliza, lembani padera maina osokonezana. Ntcheu ndi Ntchisi, Mchinji ndi Machinga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota amamveka mofanana netiweki ikamadukaduka. Lembaninso maina opezeka malo angapo, monga masukulu ndi zipatala za mishoni zotchedwa dzina la woyera mtima mmodzi. Pa onsewa makina azifunsa funso lina lowonjezera, loti ndi boma liti, asanapereke nambala. Kumupatsa munthu wa ku Ntchisi nambala ya ambulansi ya ku Ntcheu n'koipa kuposa kumuuza kuti simunamve.

4. Mawu ophunzitsira adutse pafoni

Foni wamba simanyamula mawu onse otuluka pakamwa. Imadula okwera kwambiri ndi otsika kwambiri, n'kusiya a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo imawayeza maulendo 8,000 pa sekondi, pamene mapulogalamu ambiri omva mawu anaphunzitsidwa ndi mawu oyezedwa maulendo 16,000. N'chifukwa chake s ndi f zimasokonezana pafoni ngakhale kwa ife anthu. Pulogalamu imene ikumva bwino mukamalankhula pa laputopu muofesi yabata ikhoza kulephereratu pafoni ya mabatani ili kumsika.

Choncho mawu onse ophunzitsira ndi oyesera adutse panjira yomweyo imene oimba adzagwiritse ntchito. Pezani anthu osiyanasiyana, amayi, abambo, achinyamata, okalamba, a kumpoto, pakati ndi kummwera, aimbe nambala yanu ali kwawo pa mafoni awo, pa TNM ndi pa Airtel pomwe. Musawapatse chiganizo choti awerenge, chifukwa munthu akamawerenga amasintha kalankhulidwe. Auzeni nkhani: "Njinga yanu yabedwa ku Lunzu, funsani nambala yoti muimbe." Onetsetsani kuti amayi ndi okalamba achuluka, poti ndi amene makina amawaphonya kawirikawiri akaphunzitsidwa ndi mawu a anyamata a m'tauni okhaokha. Gawani mawuwo pawiri: ochuluka ophunzitsira, ochepa oyesera, ndipo munthu amene ali m'gulu loyesera asapezekenso m'gulu linalo.

5. Sankhani zida

Cholandira foni chodziwika kwambiri ndi Asterisk, pulogalamu yaulere imene Mark Spencer anaiyamba mu 1999. FreeSWITCH nayonso imagwira ntchito yomweyo. Poyesera, kabokosi kotchedwa GSM gateway koikamo masimu angapo n'kokwanira, koma simu imodzi imalandira foni imodzi pa nthawi. Oimba akachuluka mudzafuna mzere wa SIP, umene umanyamula mafoni ambiri nthawi imodzi, wochokera ku kampani ya mafoni, ndiponso nambala yaifupi, imene ku Malawi imadzera ku MACRA ndipo ku Zambia imadzera ku ZICTA. Ngati simungathe kulipirira nambala yaulere, konzani zoti munthu azingoflasha, makina n'kumuimbira. Asterisk imatha kuchita zimenezi, ndipo anthu athu anazolowera kale.

Pa chomva mawu, dziwani zimene zilipo. Whisper ya OpenAI, imene inatuluka mu 2022, ili ndi Chiswahili ndi Chishona koma Chichewa mulibe, choncho imafunika kuiphunzitsa mwapadera. MMS ya Meta, ya mu 2023, imamva zinenero zoposa 1,000 ndipo Chichewa chilimo, koma mawu ambiri amene anaphunzitsira ntchito imeneyi anali a anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Wowerenga Baibulo mwaulemu mu situdiyo amalankhula mosiyana kwambiri ndi mayi wofunsa nambala ya polisi ali kakasi. Itengeni ngati poyambira, muionjezere mawu anu aja. Mawu ena a Chinyanja ojambulidwa kale mungawapeze mu FLEURS ya Google ndi mu Zambezi Voice ya akatswiri a University of Zambia, kungoti muyambe mwawatsitsa kufika pa maulendo 8,000 pa sekondi kuti afanane ndi a pafoni. Musanagwiritse ntchito chilichonse mwa izi, werengani laisensi yake, makamaka ngati mudzalipiritsa oimba.

Kompyuta yake ikhale ndi batire kapena sola. Nambala yofunsira chithandizo imene imazima magetsi akathima anthu amaitaya msanga.

6. Lembani zimene makina azinena

Pezani munthu wa mawu omveka, wodekha, ajambule zonena zonse pamodzi ndi maina onse a m'buku. Mawu a munthu weniweni amatchula Mzimba ndi Thyolo molondola kuposa mawu opangidwa ndi kompyuta. Makina azilankhula mwaulemu, "inu" osati "iwe", ndipo aziulula kuti ndi makina. Kukambirana kwabwino kungayende motere:

Makina: Takulandirani. Ine ndi kompyuta yopereka manambala a zipatala, polisi ndi maofesi. Mukufuna nambala ya kuti?
Woimba: Zikomo, muli bwanji?
Makina: Ndili bwino, zikomo. Tchulani malo amene mukufuna nambala yake.
Woimba: Ndimafuna ya chipatala cha Ntcheu.
Makina: Chipatala cha boma cha Ntcheu. Ndamva bwino?
Woimba: Eya.

Moniwo musaunyoze. Munthu akapereka moni makina n'kuyankha kuti "pepani sindinamve", amakhumudwa, ndipo ena amadula pomwepo. Ikani moni wa mitundu yonse m'gulu lake, mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, odi, halo, zikomo, ndipo makina auyankhe mwachidule n'kubwereza funso.

Funso likhale limodzi pa nthawi, ndipo likhale kumapeto kwa chiganizo, chifukwa munthu amayamba kuyankha akangomva funso. Lolani woimba kudula makina pakamwa, poti woimba kachitatu safuna kumvanso malonje onse. Koma yesani bwino mbali imeneyi, chifukwa kumalo aphokoso hutala ya galimoto ikhoza kuimitsa makina pakati pa chiganizo. Musafulumirenso kuganiza kuti munthu wamaliza: okalamba amapuma pakati pa chiganizo, ndiye dikirani sekondi imodzi ndi theka kapena awiri a chete musanayankhe.

Pa funso lotsimikiza, konzekerani mayankho onse: inde, eya, ee, ndi momwemo, yes, komanso ayi, iyayi, si imeneyo, no. Chenjerani ndi "ee", chifukwa kutengera kakwezedwe ka mawu akhoza kukhala kuvomera kapena kupempha kuti mubwereze. Makina akamva "ee" yekha, apereke nambala koma atchulenso dzina la malowo, kuti ngati alakwitsa woimba azindikire.

Pulogalamu yomva mawu imapereka mlingo wosonyeza mmene ikukhulupirira zimene yamva. Gawani mlingowo patatu. Ukakwera kwambiri, makina apitirire osafunsa, angotchula dzinalo popereka yankho. Ukakhala pakati, afunse kuti "Ndamva bwino?" Ukatsika, apemphe munthu anenenso. Malire a magawo atatuwa muwapeze poyesa ndi mawu anu ojambulidwa, osati pongoganiza.

Manambala awerengedwe m'Chingerezi, mmene tonse timatchulira nambala ya foni. Ya manambala khumi igawidwe patatu, anayi kenako atatu kenako atatu, n'kupuma pakati, ndipo ibwerezedwe kawiri. Pewani "dabo" ndi "tripo" powerenga, ngakhale makina ayenera kuzimva woimba akazinena. Kumbukirani kuti munthuyo foni ili kukhutu ndipo cholembera alibe. Mutumizireni nambalayo pa meseji foni ikangotha, kapena mumufunse ngati akufuna kulumikizidwa pompo. Kwa amene sadziwa kuwerenga, kulumikiza ndiye chithandizo chenicheni.

7. Konzani zochita makina akalephera

Adzalephera ndithu, ndiye khomo lotulukira likhalepo. Akalephera koyamba, afunsenso ndi mawu ena opereka chitsanzo: "Pepani. Tchulani dzina la malo lokha, mwachitsanzo, polisi ya Limbe." Akalepheranso, apereke foni kwa munthu, kapena ngati ndi usiku, auze woimba kuti aimbiridwa m'mawa, ndipo aimbiridwedi. Kachitatu kasakhalepo. Makina asanenepo kuti woimba walakwitsa kapena kuti alankhule bwino, chifukwa munthu akauzidwa zimenezo amayamba kukuwa ndi kudula mawu pang'onopang'ono, ndipo pamenepo makina amasokonezeka kwambiri.

Batani la 0 lizipita kwa munthu nthawi ina iliyonse, chimodzimodzi mawu oti "munthu" kapena "ndithandizeni". Mawu monga ngozi, moto, akuba, ambulansi ndi matenda aakulu azidumpha mafunso ena onse. Wolandira foni aziona pakompyuta yake zimene makina anamva, kapena azimva kachidutswa kojambulidwa, kuti asayambitsenso woimba pachiyambi. Makampani a mafoni ku America ndi Canada ankachita zotere m'zaka za m'ma 1990: makina ankafunsa mzinda ndi dzina, n'kupatsira wantchito mawuwo atadulidwa kale. Ngakhale makina asanadziwe kuyankha okha, zimenezi zinkafupikitsa foni iliyonse, ndipo inunso mukhoza kuyambira pamenepo.

8. Yesani ndi anthu amene sanakhalepo pokonza

Inu okonza mukudziwa kale mawu amene makina amakonda, choncho kuyesa kwanu sikuonetsa zoona. Pitani kumsika kapena pachipatala, pemphani anthu makumi awiri kapena atatu aimbe inu muli chete pambali, osawathandiza ngakhale akakamire. Onani pamene akukwinya nkhope, pamene akuchotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana, pamene akudula.

Akatswiri amakonda kuwerenga kuchuluka kwa mawu amene makina aphonya. Kwa inu chofunika n'china: mwa oimba 100, ndi angati amene anapeza nambala yolondola, angati anapita kwa munthu, angati anadula, ndipo angati anapatsidwa nambala yolakwika? Chomalizachi ndiye muchiope, chifukwa sichioneka pakompyuta pokhapokha wina atamvetsera. Werengani za amayi padera, za okalamba padera, za boma lililonse padera. Chiwerengero chabwino cha onse pamodzi chikhoza kubisa zoti anthu a dera lina sakumvedwa n'komwe.

Nambala ikatsegulidwa, sabata iliyonse munthu mmodzi azimvetsera mafoni onse amene analephera. Maina atsopano alowe m'danga lija, malo ofunsidwa kawirikawiri amene mulibe alowe m'buku, ndipo mawu amene mwalemba aphunzitsirenso makina pakapita miyezi ingapo.

Bukulo nalonso lifuna mwini wake, wotchulidwa dzina, wokhala ndi mayunitsi a ntchito imeneyi. Maofesi ambiri kwathu amagwiritsa ntchito foni ya m'manja ya wantchito, ndipo iye akasamutsidwa nambala imapita naye. Mwini bukuyo aziimba nambala iliyonse kamodzi pa miyezi itatu, za ambulansi, polisi ndi ozimitsa moto mwezi ndi mwezi, n'kulemba tsikulo pamzere wake. Ngati nambala ndi ya munthu payekha, iye avomere kaye isanalowe m'buku. Imene yakanika kupezeka maulendo atatu pa masiku osiyana ichotsedwe, ndipo mpaka mutapeza ina, wofunsa malowo azipatsidwa kwa munthu wolandira mafoni.